Posita ya pa browser ndi fodya wa pachala

Amene amagulitsa m'mbali mwa msewu wa M1 pa Bembeke akudziwa kuti masiku ano thumba la kachewere limagulidwa kawiri. Koyamba limagulidwa pa foni ndi munthu amene ali ku Lilongwe kapena ku Limbe, amene waona chithunzi pa WhatsApp n'kumva mtengo. Kachiwiri limagulidwa pamaso, galimoto itaima, anyamata akukweza. Kugula koyambako kwabala ntchito imene kale kunalibe, ntchito yopanga posita. Mnyamata kapena mtsikana wodziwa foni amatsegula browser, pulogalamu yoonera masamba a pa intaneti ija monga Chrome, n'kulowa pa Canva kapena tsamba lina lojambulirapo. Amaikapo chithunzi cha kachewere, kabichi kapena anyezi, dzina la mwini katundu, mtengo ndi nambala ya foni. Mwini katundu amayang'ana pa sikirini, amagwedeza mutu kuti zakongola, n'kupereka kangachepe.

Kukongolako sikokayikitsa. Ana a masiku ano ali ndi diso, ndipo posita zina zimene zikuyenda m'magulu a WhatsApp a mavenda sizingachite manyazi pafupi ndi za masitolo akuluakulu a m'tauni. Pamene ndalama ikutayikira ndi pa sitepe yomaliza, imene ambiri saiwerengera n'komwe: kuchotsa chithunzicho mu browser kuti chisanduke fayilo yosungika m'foni ya mwini malonda. Wamalonda amene walipira posita koma fayilo yake alibe wafanana ndi munthu amene walipira thumba likadali m'munda mwa eni.

Zimene zikuoneka pa sikirini pamene munthu akujambula mu browser si fayilo. Ndi zidutswa zimene foni yangozigwirizira pamodzi kwa kanthawi: apa mawu, apa chithunzi, apa mtundu wakumbuyo. Masamba ojambulirapowa alipo a mitundu iwiri. Ena amachitira zonse m'foni momwemo, pogwiritsa ntchito njira yotchedwa canvas imene kampani ya Apple inayambitsa mu 2004 ndipo tsopano ili m'mabrowser onse odziwika. Pa masamba oterewa ntchito yonse imakhala mu memory ya foni, ndipo foni zotsika mtengo zimene zadzaza m'misika muno zili ndi memory yochepa. Munthu akangotuluka pang'ono kuti ayankhe kasitomala pa WhatsApp, foni imatha kutseka tsambalo mwakachetechete kuti ipeze malo, ndipo pobwerera amapeza tsamba likutsegukanso lili mbee, ntchito ya ola lathunthu yapita. Masamba ena, monga Canva imene inayamba ku Australia mu 2013, amasunga ntchitoyo pa makompyuta awo, mu akaunti ya amene analowa. Apo ntchito sitayika, koma ili m'manja mwa mwini akauntiyo, ndipo kawirikawiri mwini akaunti ndi wojambula uja, osati mayi wogulitsa tomato.

Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Boma lomweli la Dedza lili ndi zithunzi za pa miyala za ku Chongoni, zimene bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, ndipo zakhala pamenepo mibadwomibadwo, mvula ikugwa, dzuwa likuwomba. Chojambula cha mu browser chimatha kufafanizika chifukwa choti wina waimba foni.

Kuyesa kwake n'kosavuta, ndipo sikufuna sukulu. Wojambula akanena kuti wamaliza, mwini malonda azimitse data pa foni yake, atsegule pamene pamakhala zithunzi kapena foda ya Download, aone ngati positayo ikutseguka. Ikatseguka popanda netiweki, ndiye kuti yalowa. Ikapanda kutseguka, kapena ngati chimene walandira ndi linki yabuluu yofuna intaneti, ntchito sinathe ndipo ndalama isatuluke. Palibe chipongwe pamenepa. Wopikula kachewere samalipira asanapise dzanja pansi pa thumba, ndipo palibe mlimi wanzeru amene amakwiya nazo.

Njira yachidule imene yafala ndi ya screenshot. Wojambula akaona kuti batani la Download likuvuta, kapena akufuna kupulumutsa bandulo yake, amangokanikiza mabatani awiri n'kujambula sikirini yonse, kudula m'mbali, n'kutumiza. Pa foni yake zimaoneka bwino. Koma chithunzi chilichonse n'chopangidwa ndi timadontho, ndipo kuchuluka kwa timadonthoto ndiko kumachititsa kuti zilembo zioneke zakuthwa kapena zofufuma. Posita yopangidwira Status ya WhatsApp imakhala ya timadontho 1080 m'lifupi ndi 1920 m'litali, zimene ndi timadontho toposa 2 miliyoni. Sikirini ya foni zambiri zotsika mtengo ili ndi timadontho 720 m'lifupi, ndipo pojambula positayo sidzaza sikirini yonse chifukwa pamwamba ndi pansi pamakhala mabatani a tsambalo. Zikatero screenshot imangotenga gawo lochepa la timadontho timene positayo ikanakhala nato. Chithunzi cha kachewere sichivutika kwambiri, kachewere amakhalabe kachewere. Zimene zimafa ndi zilembo zing'onozing'ono, ndipo zilembo zing'onozing'ono pa posita ya malonda ndi nambala ya foni. Pamene 3 wayamba kufanana ndi 8, kapena 1 ndi 7, kasitomala amaimba kamodzi, amayankhidwa ndi mlendo, n'kupita kwa wogulitsa wina. Mwini katundu sadziwa n'komwe kuti panali munthu amene amamufuna.

Batani la Download likagwira, limafunsa mtundu wa fayilo, ndipo apa ambiri amangodina chimene chili pamwamba. Mitundu imene wamalonda angakumane nayo ndi PNG, JPG ndi PDF, ndipo uliwonse uli ndi ntchito yake. PNG, imene inakhazikitsidwa mu 1996, imasunga kadontho kalikonse monga kalili, choncho zilembo zimatuluka zakuthwa. Ndi yabwino kwa posita ya mawu okhaokha, monga mndandanda wa mitengo wolembedwa pa mtundu umodzi. Koma posita ikakhala ndi chithunzi chachikulu chojambulidwa ndi kamera, PNG imalemera, imatha kufika ma MB angapo. JPG, ya mu 1992, inapangidwira zithunzi za kamera. Imataya tina n'tina timene diso silingazindikire msanga, ndipo posita yomweyo imatsika n'kukhala yochepera MB imodzi. Kwa munthu amene amagula bandulo ya tsiku limodzi, ndipo netiweki yake imabwera n'kupita malinga ndi mbali ya phiri imene waima, kusiyanaku si kwamasewera. Posita ya mulu wa kachewere ndi mawu ochepa akuluakulu itsitsidwe ngati JPG, ndipo ngati tsambalo likufunsa za quality, asankhe yapamwamba koma osati yothera.

JPG ili ndi msampha umodzi umene wapusitsa anthu ambiri. Siidziwa malo opanda mtundu. Pa masamba ena amene amajambulira m'foni momwemo, kumbuyo kwa posita kumaoneka koyera pamene kwenikweni n'kopanda kanthu, ngati galasi. Posita yotere ikatsitsidwa ngati JPG, malo opanda kanthuwo amatuluka akuda bii, ndipo ngati mawu analembedwa ndi mtundu wakuda, amamira momwemo. Wojambula amayesa kuti foni yawonongeka. Mankhwala ake ndi kuika mtundu weniweni kumbuyo, ngakhale woyera womwewo, asanatsitse.

PDF ndi ya kosindikiza. Amene akufuna pepala loti amate pa benchi kapena pa khoma la golosale apite nayo PDF kwa osindikiza a pa Dedza boma, ndipo positayo ikhale yoti inapangidwa pa saizi ya A4 kuyambira pachiyambi. Pepala la A4 losindikizidwa bwino limafuna timadontho 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali, ndiye screenshot ya timadontho mazana ochepa ikakokedwa kuti idzaze pepalalo imatuluka ngati yanyowa ndi mvula, ndipo ndalama ya inki yapita kale.

Fayilo ikalowa bwino m'foni, patsala mlatho wina. WhatsApp imafinya chithunzi chilichonse chimene chatumizidwa mwa njira ya masiku onse, kuti chipepuke. Kuyambira mu 2023 pali kabatani ka HD kamene kamachepetsa kufinyako, ndipo chithunzi chotumizidwa ngati Document chimafika monga chilili. Pamenepa pali malangizo amene akuyenda oti posita iliyonse izitumizidwa ngati Document, ndipo malangizowa ndi olakwika kwa wogulitsa. Document siionekera yokha m'gulu. Munthu ayenera kuidina ndi kudikira, ndipo wopikula amene ali ndi mauthenga mazana m'mawa uliwonse sadina. Document ndi ya pakati pa wojambula ndi mwini malonda, kuti fayilo yoyambirira ifike yosafinyidwa, komanso ya posunga: mwini malonda adzitumizire yekha pa nambala yake, kapena kwa m'bale wodalirika, kuti foni ikagwa m'madzi kudimba positayo isapite nayo. Kwa makasitomala ipite ngati chithunzi wamba, ndipo ipangidwe moyembekezera kufinyidwa. Nambala ikhale yaikulu moti munthu aiwerenge foni ili patali ndi mkono wonse, yakuda pa choyera kapena yoyera pa chakuda. Zilembo zofiira zopyapyala pa chobiriwira ndi zimene zimayamba kusungunuka.

Download ikakana, nthawi zambiri vuto silikhala lalikulu monga anthu amaganizira. Linki yotsegulidwa mkati mwa Facebook imatseguka m'kabrowser ka Facebook yomweyo, kamene kawirikawiri kamavuta kutsitsa mafayilo otere. Kuitsegula mu Chrome kumathetsa nkhaniyo. Opera Mini ikaikidwa populumutsa data kwambiri, masamba ojambulirapo sayenda bwino. Bandulo ya WhatsApp yokha siingatsegule Canva. Ndipo foni yodzaza ndi mavidiyo a maukwati ilibe poika fayilo yatsopano. Palinso zokongoletsera zina pa Canva zimene ndi zolipira, ndipo amene wazigwiritsa ntchito pa akaunti yaulere amapeza zili ndi mizere ndi dzina la kampaniyo pamwamba. Wojambula amene akuthawira ku screenshot chifukwa cha zimenezi angosintha chokongoletseracho n'kuika chaulere.

Nkhani yaikulu kuposa zonsezi ndi ya mtengo. Fayilo ya JPG kapena PNG ili ngati nsima: ikapsa siibwereranso kukhala ufa. Mawu, chithunzi ndi mtengo zimamatirirana kukhala chinthu chimodzi, ndipo palibe amene angachotsepo nambala imodzi mwaukhondo popanda kubwerera ku ntchito yoyambirira ija, imene ili mu akaunti ya wojambula. Pomwe mtengo wa kachewere sukhala malo amodzi. Umatsika wa mvula akamakumbidwa kulikonse kuno ndi ku Ntcheu, ndiponso wa kutsidya ku Angonia akamalowa, umakwera akamasowa, umasintha mafuta a galimoto akasowa. Ndalama ya kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amalonda akukumbukira momwe mtengo wa feteleza, matumba ndi thiransipoti unadumphira. Posita yomatirira mtengo imakhala ndi moyo wa masiku ochepa, ngati tomato wakupsa. Amene amabwerera kwa wojambula nthawi iliyonse mtengo ukasintha ndiye kuti wadzilembera yekha msonkho wa pa sabata.

Chimene wamalonda ayenera kuitanitsa ndi mafayilo awiri pa mtengo umodzi. Yoyamba ndi posita yathunthu ya tsikulo. Yachiwiri ndi posita yomweyo, dzina, malo, nambala ndi chithunzi zili pomwepo, koma pamalo a mtengo ndi tsiku pali bokosi loyera lopanda kanthu. Kwa wojambula ndi ntchito ya mphindi imodzi. Kwa mwini malonda ndi ufulu, chifukwa WhatsApp yomweyo imalola kulemba pa chithunzi chisanatumizidwe: adina chilembo cha T pamwamba, alemba mtengo wa lero, aukokera m'bokosimo, n'kutumiza. Fayilo yopanda mtengoyo imakhalabe m'foni yosakhudzidwa, kudikira mawa. Ojambula ena sangakondwere, chifukwa kubwerabwera kwa kasitomala ndiye phindu lawo. Koma wojambula amene amapereka fayilo yachiwiriyi ndi amene amatchulidwa dzina pamene mayi wa benchi loyandikana nalo afunsa kuti posita yokongolayi anapanga ndani.

Tsiku liyenera kulembedwa pa chithunzi penipenipo, ndipo ichi si chokongoletsa. Status imafufutika pakatha maola 24, koma chithunzi chimene chalowa m'gulu sichifa. Wina amachisunga, wina amachitumiza kwa mlamu wake wa chiwaya ku Mchesi patapita milungu itatu, ndipo WhatsApp imangolemba kuti chatumizidwa kuchokera kwina, osanena kuti chinayamba liti. Zobisika za m'fayilo zonena tsiku limene chithunzi chinajambulidwa zimachotsedwa chikamatumizidwa mwa njira ya masiku onse. Wa chiwayayo amawerengera mpamba wake pa mtengo wakalewo, amalipira galimoto, n'kufika pa Bembeke atanyamula ndalama zosakwana. Iye amaona kuti wanamizidwa, mwini katundu amaona kuti akufuna kuberedwa, ndipo onse awiri akunena zoona malinga ndi zimene akudziwa. Mawu ochepa oti mtengo wa pa 14 Julayi akanathetsa mkanganowo usanayambe. Muyezo nawo ulembedwe momveka. Thumba la kachewere pa msika uno si chinthu chimodzi: pali losokedwa pakamwa, pali lowonjezeredwa mutu pamwamba, pali ndowa yosefukira ndi ndowa yongofika m'milomo. Posita yongoti thumba ndi mtengo wakuti imasiya khomo lotsegula kuti aliyense amve zake. Chimodzimodzi mtundu wa mbewu, chifukwa wa tchipisi amene akufuna Rosita safuna kupeza Violet.

Browser yomwe imathandiza wogulitsa imathandizanso wakuba, ndipo izi zikhudza momwe posita iyenera kukhalira. Nambala ya foni ikalembedwa pa mzere wa mtundu umodzi pansi pa posita, munthu wina akhoza kuika fayiloyo pa tsamba lojambulirapo, kuphimba mzerewo ndi bokosi la mtundu womwewo, kulemba nambala yake, n'kutsitsa posita yatsopano m'mphindi ziwiri. Dzina ndi la mwini, katundu ndi wa mwini, koma ndalama ya chikole ikupita kwina. Nambala yolembedwa kawiri, kamodzi pa mzerewo ndi kamodzi modutsa pa kachewere weniweniyo pa chithunzi, ndi yovuta kuiphimba popanda kuoneka chigamba. Mbali inayo ya nkhaniyi ndi ya malisiti. Ngati posita ingajambulidwe mu browser, nawonso uthenga wooneka ngati wa Airtel Money kapena TNM Mpamba ungajambulidwe, wokhala ndi dzina, nthawi ndi ndalama zolondola. Chithunzi cha lisiti si ndalama. Wogulitsa aone yekha balansi yake, pa *211# kwa a Airtel Money ndi pa *444# kwa a Mpamba, thumba lisanakwere galimoto. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016 lilipo, koma kachewere amene wafika kale ku Lilongwe n'kukazingidwa sabwezedwa ndi lamulo.

Pali amalonda akale amene amaseka zonsezi. Amati agulitsa kachewere zaka makumi popanda posita, ndipo kasitomala wawo amangofuna kumva mawu awo pa foni. Akunena zoona pa makasitomala amene amawadziwa kale. Kwa oterowo chithunzi chimodzi cha thumba lotsegula ndi uthenga wa mawu zimakwana, ndipo kulipira wojambula n'kuwononga. Posita imagwira ntchito kumene wogulitsa sakudziwika, m'magulu mmene muli anthu mazana ndipo chithunzi chimayenda chokha, mawu ofotokoza atatsalira m'mbuyo. Kumeneko dzina, malo, tsiku ndi nambala ziyenera kukhala pa chithunzipo. Koma akalewa ali ndi mfundo imene ojambula achinyamata ayenera kuimva: chimene chimagulitsa ndi katundu weniweni. Posita zambiri zikuikidwa zithunzi zotengedwa pa intaneti, za mbatatesi zosalala ngati mazira, zotsukidwa, za kumaiko kwina. Masamba ena amakana n'komwe kutulutsa fayilo mukakhala chithunzi chokokedwa mwachindunji kuchokera pa tsamba la eni, chifukwa browser ili ndi lamulo lake loteteza zimenezo. Ngakhale atalola, wopikula wa pa msika wa Wakawaka amamudziwa kachewere wa ku Dedza ndi dothi lake, ndipo chithunzi chosalalacho chimangomuuza kuti wogulitsayu mwina alibe katundu. Chithunzi chijambulidwe m'mawa pa benchi pomwepo, dzuwa lili kumbuyo kwa wojambula, galasi la kamera litapukutidwa, ndipo pakhale bokosi la machesi kapena dzanja pambali kuti kukula kwa kachewereyo kuoneke.

Pokambirana ndi wojambula, zonsezi zinenedwe ntchito isanayambe, monga momwe anthu amagwirizanirana za ganyu yokumba asanagwire khasu. Mwini malonda anene kuti akufuna JPG ya Status yotsitsidwa ndi Download, ina yopanda mtengo ndi tsiku, zonse zitumizidwe ngati Document, ndi PDF ngati pali zosindikiza. Amene ali ndi imelo yake angapemphenso kuti ntchitoyo ipangidwire mu akaunti yake, kapena kuti wojambula amugawire linki yomulola kusintha, kuti mnyamatayo akadzapita ku Joni kapena akadzagulitsa foni, dzina la bizinesi lisapite naye. Theka la ndalama lingaperekedwe poyamba, popeza wojambula nayenso amagula bandulo. Theka linalo lidikire mpaka data itazimitsidwa, fayilo itatseguka, ndipo munthu wachitatu amene sadziwa nambalayo pamtima ataiwerenga mokweza kuchokera pa foni ina.